Malire ayambe adziwika, nyumba igulitsidwe pambuyo



Malo a m'mbali mwa nyanja akufunidwa kwambiri masiku ano. Kuyambira ku Makanjira, Malindi ndi Monkey Bay, kudzafika ku Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, anthu akugulitsana nyumba, mapoloti ndi madimba. Wina akufuna ndalama ya injini ya boti, wina ya ulendo wa ku Joni, wina fizi ya mwana. Zonsezi ndi zifukwa zomveka. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambirife timachithamangira, ndipo ndi chomwe chimadzatibweretsera milandu pambuyo. Chinthucho ndi malire.

Nyumba imaoneka. Wogula amawerenga zipinda, amayang'ana malata, amagogoda khoma. Koma akafunsa kuti bwalo ndi dimba lakuseri zikuthera pati, timangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Mpaka cha pa mango paja." Kamawu kakuti "cha" kameneko ndiye gwero la mavuto. Ife takhala ndi anansi athu zaka zambiri popanda mpanda, ndiye mita imodzi kapena mamita awiri sinali nkhani. Wogula akabwera ndi njerwa, mmisiri amafuna pokoka chingwe, ndipo chingwe sichidziwa "cha". Tsiku limenelo mnansi amatulukira n'kuletsa ntchito. Wogula amabwerera kwa ife kudzafuna ndalama yake, pomwe ndalamayo inalowa kale mu injini. Pajatu mlandu suola. Ukatiphonya ife, udzapeza ana athu.

Malire amasowa bwanji?

Choyamba ndi khasu. Munthu akamapanga mizere, n'chapafupi kuonjezera mzere umodzi cha kumalire, nthawi zina osadziwa n'komwe. Tiyeni tiwerengere. Mzere umodzi wa masentimita 75, m'malire otalika mamita 70, umadya masikweya mita 52 ndi theka. Zikachitika chaka ndi chaka kwa zaka 10, malire amakhala asuntha mamita 7 ndi theka, ndipo malo otayika amapitirira gawo limodzi la magawo 8 a ekala. Palibe tsiku limene munthu anaba poyera, koma malo apita.

Chachiwiri, zizindikiro zathu zambiri zimayenda kapena kutha. Phata la nthochi limabereka ana n'kumasendera kumene kuli chinyezi. Nsungwi zimatambalala. Chulu chimakumbidwa poumba njerwa. Mtengo wa mango umadulidwa kuti tiotchere uvuni kapena tiwambire nsomba, ndipo pakapita zaka zochepa chitsa chomwe chimaola. Khwawa limasintha njira mvula ikachuluka.

Chachitatu, mboni zimatha. Agogo amene anapatsidwa malowo anamwalira, amfumu amene analoza malire anamwaliranso, ndipo amene alowa ufumu anali mwana panthawiyo. Palinso malo obwerekana. Agogo anauza mnzawo kuti, "Bayambani mwalima apa chinangwa," ndipo zidzukulu zinakula zikudziwa kuti ndi pawo.

Chachinayi, kwathu kuno, ndi nyanja. Chaka chilichonse madzi amafika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika kufika cha mu Novembala ndi Disembala. Palinso kukwera ndi kutsika kwa zaka zambiri. Mu 1980 nyanja ya Malawi inakwera kupitirira pang'ono mamita 477 poyerekeza ndi mulingo wa nyanja yamchere. Cha mu 1997 inatsika kufika pafupifupi mamita 473. Mu 2024 inadutsanso mamita 476, ndipo tonse tinaona nyumba, madimba ndi malo ogona alendo zitalowa madzi ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Pagombe losalala, madzi akakwera mita imodzi amalowa kumtunda mamita ambirimbiri. Ndiye malire akuti "mpaka pa bango" kapena "mpaka pamadzi" amakhala pena chaka chino, penanso chaka chamawa.

Dziwani kaye mtundu wa malo anu

Ku Malawi kuno malo ali m'magulu atatu: malo a boma, malo a makolo amene ali m'manja mwa mafumu, ndi malo a munthu payekha okhala ndi mapepala, monga a lizi. Njira yopezera malire imasiyana malinga ndi gulu.

Ngati malo anu ali pa lizi ndipo anayezedwa ndi saveya, malire ake analembedwa kale. Pamapepala anu pamakhala chojambula chotchedwa deed plan, chosonyeza ngodya iliyonse, kutalika kwa mbali iliyonse m'mamita ndi kukula kwa malo onse. Pansi, pangodya iliyonse, pamayenera kukhala bikoni, kachipilala kasimenti kokhala ndi chitsulo pakati. Ntchito yanu ndi kufukula mabikoniwo, chifukwa ambiri amakwiririka ndi mchenga kapena zinyalala. Mukapeza awiri, tengani tepi muone ngati mtunda wake ukugwirizana ndi wa papepala.

Bikoni ikasowa, musaumbe yanu n'kuiika pomwe mukuganizira. Kuzula, kusuntha kapena kuononga bikoni ndi mlandu pansi pa lamulo la zoyeza malo. Woyenera kuibwezeretsa ndi saveya wa boma kapena saveya wokhala ndi chiphaso, ndipo mayina a ovomerezekawo amadziwika ku nthambi yoyeza malo ya unduna wa za malo. Dziwaninso kuti mpanda wakale si umboni wa malire. Mipanda yambiri inamangidwa mongoyerekeza, ndipo pepala likasiyana ndi mpanda, chimene chimagwira ntchito pa malo oyezedwa ndi bikoni ndi pepala. Pogulitsa malo a lizi mudzafunikanso chilolezo cha unduna, kumaliza ngongole ya lendi ya malo, ndi chikalata cha ku MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Zimenezi zimatenga nthawi, choncho yambani msanga.

Koma ambirife tili pa malo a makolo. Apa palibe bikoni. Malire ali m'mitu mwa anthu, ndipo ntchito yathu ndi kuwatulutsa m'mitumo n'kuwaika pansi ndi papepala anthuwo akadali moyo. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linakhazikitsa makomiti a za malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi agulupu, ndipo pamakhala anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu mwa iwo amayi, komanso kalaliki wa za malo wosunga zolembedwa. Kudzera m'makomitiwa banja likhoza kulembetsa malo ake n'kulandira satifiketi. Makomitiwa sanafike paliponse, ndiye funsani agulupu anu kapena ofesi ya za malo kwa DC. Funsani musanalandire ndalama, chifukwa malo a makolo sagulitsidwa ngati njinga, mwini yekha ndi wogula basi. Malamulo a malo anasinthidwanso mu 2022, ndipo anakhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika za Malawi. Kuno kunyanja, kumene alendo amakonda malo, mfundo imeneyi njofunika.

Kodi wogulitsayo ndi mwini wake?

Tisanayeze, pali funso la kubanja. M'midzi yathu yambiri, kwa Ayao ndi Achewa, malo amayendera kuchikazi. Bambo akhoza kumanga nyumba yabwino ndi ndalama za ku Joni kapena za kunyanja, koma ngati ali pachikamwini, dothi limene nyumbayo yaimapo ndi la mbumba ya mkazi wake. Ndiye mayi, abale ake ndi mwini mbumba, amalume kapena anjomba, ayenera kudziwa ndi kuvomera. Kukhala ndi malisiti a malata ndi simenti sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa malo a mbumba.

Ngati ndi nyumba yamasiye, onse oyenera kulandira gawo avomereze kaye, kuphatikizapo amene ali kutali. Lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Wogula wanzeru amafunsa zimenezi. Wogulitsa wanzeru amazikonza asanafunsidwe.

Kuyenda m'malire

Nthawi yabwino ndi chilimwe, titakolola, udzu utauma, tisanayambe kupanga mizere. Nthawi imeneyi pansi pamaoneka bwino ndipo palibe mbewu ya munthu imene ipondedwe. Kwa amene ali pafupi ndi madzi, kumbukirani pomwe madzi anafika mu Epulo ndi Meyi, osangoona pomwe ali mu Okutobala.

Yambani ndi anansi, aliyense kwake, wogula asanabwere. Mawu ake ndi osavuta: "Achimwene, ife tikuganiza zogulitsa pano. Tisanapite patali, tiyeni tidzayende limodzi m'malire, mudzatilozere pomwe inu mukudziwa." Mnansi amene wamva kwa inu amabwera ndi mtima wina kusiyana ndi amene wangoona alendo akukoka chingwe pafupi ndi chinangwa chake.

Kenako kambiranani ndi amfumu tsiku. Patsikulo pakhale amfumu kapena nduna zawo, anansi a mbali zonse, mwini mbumba, ndi akuluakulu awiri kapena atatu amene anaona malowo akugawidwa. Amayi asatsale, chifukwa kawirikawiri ndi iwo amene amalima mpaka m'malire ndipo amadziwa mzere womaliza. Achinyamata a mabanja onse abwerenso, poti ndi iwo adzakhale mboni zaka 30 zikubwerazi. Pewani tsiku limene asodzi angobwera kumene kunyanja usiku wonse, kapena Lachisanu nthawi ya Jumu'ah itayandikira. Nkhani ya malire sifuna changu.

Yambirani pangodya imene aliyense akugwirizana nayo, mukhomepo chikhomo. Yendani wapansi mbali iliyonse, osaloza muli chiimire. Paliponse pamene malire akhota, khomanipo chikhomo china. Musachoke pangodya mpaka eni mbali ziwirizo anene ndi pakamwa pawo kuti ndi pomwepo.

Kuyeza kwake

Tinazolowera kuyeza ndi mapazi, n'kumati ekala ndi 70 kwa 70. Kuyerekeza kumeneku kuli pafupi, chifukwa ekala ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, pomwe hekitala ndi 10,000, kapena kuti mamita 100 kwa 100, pafupifupi maekala awiri ndi theka. Koma mapazi a anthu amasiyana. Ngati sitepe ya wamtali iposa ya wamfupi ndi masentimita 10 okha, pa masitepe 70 asiyana mamita 7. Pa poloti ya nyumba, mamita 7 ndi khitchini ndi bafa.

Chingwe cha ukonde nachonso musachikhulupirire. Asodzi tikudziwa kuti chimatamuka chikakokedwa. Bwerekani tepi ya mamita 30 kapena 50 kwa amisiri omanga. Poyeza ikokeni iwongoke, ndipo pamalo otsetsereka igwireni mopingasa bwino, osaigoneka motsata chitunda.

Yezani mbali zonse, chikhomo ndi chikhomo, n'kulemba. Mukatero yezaninso modutsa pakati, kuchoka pangodya ina kufika pangodya yoyang'anana nayo. Chifukwa chake n'chakuti mbali zinayi pazokha sizigwira malo. Zili ngati felemu ya chitseko yopanda chopingasa, imene ikhoza kupendekeka mbali zake zili zomwezo. Muyeso wodutsa pakati ndi umene umamanga ngodya kuti zisasunthe.

Pomaliza, mangirirani ngodya iliyonse ku zinthu ziwiri zosasuntha, monga ngodya ya maziko a nyumba, simenti ya pa mjigo, mwala waukulu kapena mlambe. Mwachitsanzo, mulembe kuti chikhomo chakumpoto chili mamita 12 kuchokera pangodya ya nyumba ndi mamita 18 kuchokera pa mjigo. Chikhomocho chikadzazulidwa, mudzakoka matepi awiri kuchokera pa zinthu ziwirizo, ndipo pomwe akumanirana ndi pomwepo.

Achinyamata adzati tiyeze ndi foni. GPS ya pafoni imathandiza kusonyeza dera limene malo ali, koma imaphonya ndi mamita angapo, makamaka pansi pa mitengo. Mkangano wa mita imodzi foni singauthetse.

Zizindikiro zokhalitsa

Zikhomo zamitengo ndi za tsiku lomwelo, chiswe sichichedwa. Pangodya iliyonse kumbani dzenje, muikemo chitsulo kapena paipi, muthire simenti, anansi akuona. Pansi pa dzenjelo yambani mwathira makala kapena magalasi a mabotolo osweka. Zimenezi siziola, ndiye wina akadzazula chitsulo, pansi padzatsala umboni. Kumbukirani kuti chizindikiro chotere ndi cha mgwirizano wanu, sichilowa m'malo mwa bikoni ya saveya.

Pakati pa ngodya dzalani vetiva kapena khonje. Vetiva ndi wabwino chifukwa amakhala pomwe mwamudzala, mizu yake imalowa pansi kwambiri, ndipo amatchinjiriza nthaka kuti isakokoloke. Mitengo ya zipatso imene ili m'malire penipeni, monga mango, mugwirizane lero kuti ndi ya yani, ndani azithyola, ndipo ndani ali ndi mphamvu yodula.

Zimene sitingagulitse

Pali mbali zina zimene tazigwiritsa ntchito zaka zambiri koma si zathu. Bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority limaletsa kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477 m'mbali mwa nyanja ya Malawi. M'mphepete mwa mitsinje namonso muli gawo lotetezedwa. M'misewu ikuluikulu monga M5 ndi M3, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu ndi malo a msewu. Munthu akagula pamenepo n'kumanga, tsiku lina adzauzidwa kuti agumule.

Palinso njira za mudzi: yopita kugombe, ku mjigo, kumanda, kumzikiti. Pali pokocheza mabwato, poyanika maukonde ndi pa matandala a usipa. Izi n'zimene zimatipweteka kwambiri asodzi. Munthu mmodzi akagulitsa "mpaka kunyanja", wogula amamanga mpanda mpaka m'madzi, ndipo mudzi wonse umayamba kuzungulira mtunda wautali utasenza nsomba. Ngati malo anu ali pafupi ndi doko, itanani a komiti ya pagombe, a BVC, adzakhalepo poyenda m'malire, ndipo njira ilembedwe m'kalata ndi kukula kwake m'mamita. Ngati mwachita malire ndi mzikiti kapena madrasa, a komiti ya pamzikiti akhalepo, poti malo a wakfu alibe munthu mmodzi amene angawapereke.

Mukasemphana

Zikachitika kuti mbali ina simukugwirizana, imitsani malonda. Musalandire ngakhale ya chikole. Yambani ndi akuluakulu a mabanja awiriwo, poti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Zikakanika pitani kwa amfumu ndi agulupu. Lamulo la 2016 linaikanso bwalo la milandu ya malo kwa T/A, lina pa boma, ndi lina lalikulu loona za dziko lonse, kuti wosakhutira akhale ndi kokadandaula. Koma werengerani bwino. Nthawi zambiri kachigawo kokanganirana kamakhala kochepa mtengo kusiyana ndi thiransipoti, masiku otayika osapita kunyanja, ndi chibale chimene chithe. Kugawana pakati kachigawoko, n'kulemba, kawirikawiri kumapindulira onse.

Chipembedzo chathu chikutinji?

Nkhani ya malire Chisilamu sichinaisiye. M'mahadith odalirika, Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, anachenjeza za chilango chachikulu pa tsiku la chiweruzo kwa wolanda malo a mnzake ngakhale ochepa ngati chikhatho, ndipo anaika wosuntha zizindikiro za malire m'gulu la otembereredwa. Malonda a chinthu chosadziwika bwino kukula kwake ndi oletsedwa, ndipo wogulitsa akuyenera kuulula chilema chimene akuchidziwa. Mkangano wa malire ndi chilema. Madzi olowa m'bwalo nyanja ikakwera ndi chilemanso. Kuzibisa kumachotsa madalitso pa ndalamayo.

Palinso ufulu wotchedwa shufa, woti munthu wina amakhala woyamba kupatsidwa mwayi wogula. Kwa maulama a Shafi'i, amene ambirife timatsatira, ufuluwu ndi wa amene muli naye limodzi pa malo osagawidwa, monga abale pa malo amasiye. A Hanafi amaufikitsa ndi kwa mnansi wochita naye malire. Funsani ashehe anu za mmene zikukhudzirani, komabe kuyamba kuuza m'bale ndi mnansi musanaitane wakutali ndi khalidwe labwino kulikonse.

Kalata yake ikhale yotani?

Ayah yaitali kwambiri mu Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, imakamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni pa malonda. Ndiye kulemba si chizindikiro cha kusakhulupirirana. Kalata yabwino ikhale ndi tsiku, mayina ndi manambala a ziphaso za unzika za wogulitsa ndi wogula, mudzi, gulupu ndi T/A. Ikhale ndi chojambula cha malowo, chosonyeza kumpoto, miyeso yonse, ndi dzina la mnansi wa mbali iliyonse. Itchule zimene zagulitsidwa ndi zimene zatsala: nyumba, chitsime, mitengo, mbewu zimene zili m'munda ndi tsiku lomaliza kukolola. Itchule mtengo, ndalama imene yaperekedwa, yotsala ndi tsiku lomalizira. Asayine kapena kudinda chala wogulitsa, mkazi kapena mwamuna wake, mwini mbumba, wogula, anansi onse ndi mboni, ndipo amfumu adinde chidindo chawo.

Iwerengedwe mokweza, m'Chichewa kapena m'Chiyao, kuti amene sadziwa kuwerenga amve zimene akudindira. Pangani makope: la wogulitsa, la wogula, la amfumu, ndipo mnansi aliyense ajambule pafoni. Pepala lanu lisungeni mu pulasitiki, pamalo okwera, poti kwathu kuno chinyezi ndi chiswe sizisiya pepala.

Ngakhale amene simukuganiza zogulitsa, chilimwe chino itanani anansi ndi akuluakulu muyende m'malire. Lero zingotengera tepi yobwereka, thumba limodzi la simenti ndi tiyi wa alendo. Agogo amene akudziwa pomwe panali mango paja akadali nafe, tiyeni tiwafunse.

Allah atipatse madalitso m'minda ndi panyanja, ndipo asunge mtendere pakati pa ife ndi anansi athu. Wassalamu alaikum.